Mutu wa mkwatibwi, pakamwa pa anti

Ntchito ya tsitsi sindinaifune ine. Inandipeza ndili pamwamba pa makwerero ku Woodlands muno mu Lusaka, burashi kumanja, chitini cha penti chikulendewera pakhosi. Zaka zanga zamphamvu ndinathera pa galaja ina m'tauni, kupenta magalimoto a anthu ndi kupuma fungo la thina wosungunulira penti mpaka mphuno zinaleka kusiyanitsa nyama yowotcha ndi tayala lopsa. Galaja itatsekedwa anatiuza kuti tipite tikapume. Kupuma kwa mwamuna wa ku Kabwata mukukudziwa. Tsiku loyamba mkazi wako akupatsa tiyi, mawa lake tsache layamba kukugunda mapazi. Ndiye ndinayamba kuyenda ndi makwerero, kulemba zikwangwani za mashopu. Sukulu ndinaisiya ndili Giredi sikisi, kapena iyo ndi imene inandisiya, choncho zilembo ndinkachita kukopera papepala chimodzichimodzi ngati ndikujambula nkhuku. Koma pa mitundu ndinali ndi diso.

Mwini saluni imene ndinkalembera tsikulo anali mayi wamtali, wophunzira ntchito yake ku Joni, amene aliyense ankangomuti ba Madamu. Anafuna zilembo za golide. Penti amene anagula anatuluka m'chitini ali psuu ngati mango akupsa. Ndinadonthezamo kabuluu, n'kutakasa, n'kudonthezanso, mpaka ukali wakewo unazizira. Ba Madamu anali pansi, manja m'chiuno, akundiyang'ana.

"Imwe ba mudala, mwachita chani apo?"

"Nazimya moto, Madamu."

"Mailo mubwele. Mudule vikhadabo ivo, musambe na sopo. Mununkha galaja."

Intavyu yonse inali imeneyo. Mawa lake ndinayamba ntchito.

Musaganize kuti ndinafikira pa mitu ya anthu. Ndinayambira pa matawulo, kuchapa ndi kuyanika, kusesa tsitsi pansi, kutsuka timbale ndi zipeso. Atsikana a mu saluni anandilandira ngati mbuzi yalowa m'tchalitchi. Kenako anandikweza kupita pa sinki, kotsukira mitu, kuseri kwa kakhoma ka matabwa. Makasitomala poyamba ankakana. "Mwamuna anigwile mu mutu? Awe." Koma zala zimene zakalambira pa sandipepa zimadziwa pokanda. Mayi wina wa ku Roma, dera la olemera mu Lusaka momwemuno, anagona pa sinki mpaka kuliza mkonono, ndipo kuyambira pamenepo ena onse anayamba kundiitanitsa. Amuna awo akabwera kudzawatenga ankandiyang'ana, kuona imvi ndi mano otsalawa, n'kubwerera kugalimoto mtima uli m'malo. Zinkandiwawa pang'ono kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wondichitira nsanje.

Za mankhwala anandiphunzitsa ndi ba Madamu, ndipo ngakhale ndili nawo mawu, sindinganame kuti ntchito sankaidziwa. Tsitsi lathu lakudali si lakuda mpaka mkati. Lili ngati galimoto imene yapentedwa kangapo: ukayamba kupala, pansi pa chakuda umapeza chofiira, pansi pa chofiira olenji, pansi pa olenji chikasu. Chopalira chake ndi bulichi, ufa woyera umene umasakaniza ndi divelopa m'kambale ka pulasitiki, osati kachitsulo. Divelopa ali ndi manambala. Wa teni ndi wofatsa, amangothandiza mtundu kulowa. Wa twente amapala mwaulemu. Wa fote ndi wa anthu othamanga, ndipo ndaonapo tsitsi likutsalira pa chipeso ngati thonje lonyowa chifukwa cha iyeyo. Vuto ndi lakuti kasitomala amabwera ndi chithunzi pa foni, mutu wonyezimira ngati uchi, pamene tsitsi lake likufuna kuima pa olenji. Likaima pamenepo, kapena likabwererako patapita nthawi, limaoneka ngati mkuwa wa chigwiriro cha chitseko chakale. Pa dzuwa la mu Okutobala mutu wotero umauona uli tsidya lina la msewu.

Mankhwala ake si kuthamangira bulichi wina. Umazimitsa ndi tona, kamtundu kopepuka kamene kamakhala pamwamba. Olenji amaphedwa ndi buluu. Chikasu chimaphedwa ndi pepo. Atsikana ambiri amathamangira shampu wa pepo pa mutu wa olenji, n'kumadabwa kuti mutu ukadali kuyaka. Ndipo ukathira buluu pa chikasu, funsani wopenta aliyense, umapeza msipu. Tona sayeretsa, amangoziziritsa. Olenji akakhwima kwambiri njira ndi kutsika, kupita ku bulauni, kasitomala afune asafune. Ena ankabwera kudzatitukwana kuti tona wathu ngwabodza, chonsecho ndi madzi a m'chitsime cha boholo a kwawo amene amasiya zokakamira m'tsitsi monga amachitira m'ketulo. Oterowo tinkayamba tawatsuka ndi shampu wokolopa zonsezo tisanathire kalikonse.

Koma lamulo lalikulu la ba Madamu linali funso. "Mukalibe kugwila bulashi, funsani: munaikapo chani mu mutu umu?" Chifukwa dayi wakuda wa m'timapaketi ta pa msika, amene amayi amabisira imvi, bulichi samuchotsa bwino. Amagwira ngati phula. Ukakayika yankho, umadula katsitsi pang'ono kunkhongo n'kukayesa kaye pambali. Zimenezi ndinazimeza zonse, ndipo patapita zaka ba Madamu anandipatsa mpando wanga wa mitundu, pafupi ndi windo. Ine, munthu wa makwerero, ndili ndi epuloni ndi magolovesi, amayi a m'maofesi akundidikira pamzere.

Panali ntchito inanso imene sanandiuze pachiyambi: kuchotsedwa ntchito. Kasitomala wamkulu akakwiya, kaya dilaya yamuotcha khutu, kaya wadikira nthawi yaitali, ba Madamu ankatembenukira kwa ine. "Ba mudala, nalema na imwe! Tengani vanu, yendani!" Ine ndinkavula epuloni pang'onopang'ono, nkhope yamaliro, n'kutuluka ndikukoka mwendo. Kasitomala mtima pansi, mwinanso n'kuyamba kundipepesera. Ine ndili kuseri kwa mashopu, kwa mayi wa zitumbuwa, kudikira galimoto ichoke. Atsikana sankatha seweroli, chifukwa wina ankalira zenizeni, wina ankayankha. Ine ndinali katswiri. Ndinachotsedwa ntchito kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse ndinkabwerera milomo ili noninoni.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linali Lachisanu. Kunabwera galimoto yaikulu, n'kutsikamo ba Anti ena a ku Kabulonga, kasitomala wakale wa ba Madamu, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo, munthu amene akasamuka saluni amayi onsewo amasamuka naye. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana wovala chitenje mpaka m'mapazi, maso pansi. Dzina lake Luyando, mphunzitsi wa ku Chelstone. Ankakwatiwa ndi mwana wa mchimwene wawo wa ba Anti, ndipo mawa lake kunali kitchini pate. Amene simunaonepo, mkwatibwi amalowa atafundidwa chitenje mutu wonse, ng'oma zikulira, mpaka mkwati abwere kudzamuvundukula pamaso pa amayi onse a mbali ziwiri. Choyamba kutuluka m'chitenjemo ndi mutu. Mkwati anali atanena kuti wigi sakuifuna, ndipo ba Anti anali atasankha okha mtundu pa foni yawo: uchi.

Mtsikanayo anali atachoka kumene m'manja mwa alangizi. Anamuuza kuti pamaso pa akuchimuna asalankhule, asaseke, asadzutse maso. Anakhala pa mpando wanga ngati mtolo wa zovala. Ndinamasula duku. Tsitsi lake lenileni, lopanda rilakisa wowongolera tsitsi, lodzaza bwino, lopakidwa mafuta, lakuda bii. Kuda kwakeko kunandikayikitsa pang'ono, chifukwa Mulungu akamapenta amasiyako kabulauni kunsonga.

"Mayi, munaikapo chani mu mutu umu?"

Anayankha ndi ba Anti. "Kulibe. Uyu ni mwana wa mu chechi. Sisi yake ni ya Mulungu."

Ndinawerama pafupi ndi khutu la mtsikanayo. "Dayi, hena, kalikonse, ngakhale kale?"

"Imwe mufunsa ndani?" anatero ba Anti. "Simuona kuti ni mkwatibwi? Mufuna akambe pamenso panga monga alibe mwambo? Nakuyankhani ine."

Mtsikana zala zili pikitipikiti kupota nsonga ya chitenje. Ndinatenga sizasi kuti ndidule katsitsi koyesera kunkhongo. Ba Anti anandigwira dzanja.

"Sisi ya mkwatibwi, mailo ni pate, imwe mudule? Muzaipeleka kuti? Tiziba vamene vichitika. Palibe kasisi kazachoka pa mutu apa."

Ndinayang'ana ba Madamu. Tikanatha kuyesa kachigawo kamodzi osadula, koma zinafuna kudikira, ndipo ba Anti anali atanena kale kuti telala akuwayembekezera m'tauni. Ba Madamu anayang'ana tsitsi lija, anayang'ana makiyi a galimoto amene ankazungulira pa chala cha ba Anti.

"Yambani chabe, ba mudala."

Ndinagawa mutu panayi, ndinasakaniza bulichi ndi divelopa wa twente, ndinayamba kupaka kuchokera chapakati kupita kunsonga, kumizu n'kumalizira, chifukwa kutentha kwa khungu kumafulumizitsa mankhwala. Ndinakuta ndi foyilo. Ba Anti anakhala pa sofa akulamula anthu pa foni za mapoto ndi mipando. Ndinatsegula foyilo yoyamba kuti ndione. Kumizu kunali kutayera kale, chikasu ngati mkati mwa nthochi. Pakati panali olenji wolusa. Kunsonga kunali kofiira moderapo, ngati lata ladzimbiri. Ndinatseka, ndinadikirako, ndinatsegulanso. Mizu ikuthamanga, nsonga zili chiimire. Mutu umodzi, mitundu itatu, ndipo kudikira kwina kukanangopsereza tsitsi. Ndinachotsa mafoyilo onse.

Ba Anti anadzutsa maso pa foni.

"Yesu wanga! Ichi n'chani? Mwamusandutsa papaya mwana wa bene!"

Dilaya imene inkalira pakona inazimitsidwa kuti mwini wake amve bwino. Ba Madamu anathamanga ndi mawu okoma, kuti ndi mmene zimayambira, kuti tikadali pakati pa ntchito, n'kundikodola kuti ndipite naye mtsikanayo pa sinki.

Kuseri kwa kakhoma kuja ndinamugoneka mutu, ndinatsegula mpopi. Madzi akuwomba m'sinki, ndinamva kamawu. Ndinayesa ndi paipi.

"Ba mudala. Ni dayi ya blaki ya mu maketi. Mwezi uliwonse."

Kameneko kanali koyamba kumva mawu ake. Analankhula mothamanga, maso ali kudenga. Imvi zinamuyamba akadali ku koleji, monga zinachitira mayi ake. Ndipo iye ndi wamkulu kwa mkwati, osati pang'ono. Mkwati akudziwa, alibe nazo kanthu, koma kwa abale a mkwatiyo anachotserako zaka. Ba Anti omwewa anali atathamangitsa kale mtsikana wina, ati wakula, sadzabereka.

"Bakaziba, mailo kulibe pate. Napapata, musakambe."

Msozi unatsika n'kulowa m'khutu, ine n'kuutsuka pamodzi ndi bulichi. Ndinafuna kumufunsa chifukwa chake sanandiponde phazi, sanatsokomole, sanachite kalikonse. Koma ndinali nditamuona mmene anakhalira pa mpando paja. Anamuphunzitsa kukhala chete, ndipo anakhoza mayeso.

Ndinamusiya ndi kondishona m'mutu n'kupita kokasakanizira mankhwala. Ba Madamu anali komweko kale akutsegula machubu. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Naziba. Nili na menso. Uchi waenda, tiyeni tipulumutse mutu."

Bulichi wachiwiri tsiku lomwelo akanadula tsitsi, ndipo kudula nsonga ba Anti anali ataletsa. Inatsala njira yotsika. Tinaumitsa ndi mphepo yozizira, n'kukonza timbale titatu, tonse ndi divelopa wa teni. Pakati pa olenji paja, bulauni wa phulusa, amene ali ndi buluu mkati. Kunsonga zofiira, bulauni woderako wokhala ndi kobiriwira pang'ono, chifukwa chofiira chimaphedwa ndi chobiriwira. Kumizu ya chikasu, bulauni wofunda wopanda buluu, kuopa kutumiza mwana wa eni ku phwando ali ndi msipu pamutu. Ba Madamu anaima kumanzere, ine kumanja. Tinayamba ndi malo ouma mutu, mizu n'kumalizira chifukwa tsitsi loyera limamwa mtundu msanga, ndipo pokumana mitunduyo tinkasalaza ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono kuti pasaoneke malire. Manja ankadziwana okha. Ndikanena kuti ba Madamu ntchito ankaidziwa, ndikunena za masana amenewo.

Titatsuka ndi kuumitsa, mutu unatuluka wa khofi, wofanana kuyambira kumizu mpaka kunsonga, wowala bwino, wopanda moto ngakhale pa windo. Sindinapangepo mutu wokongola kuposa umenewo. Atsikana anaomba m'manja pang'ono. Ba Anti anaimirira, anazungulira mpando, anaika foni pafupi ndi tsitsi.

"Ni yabwino. Manje si iyi ya pa foni. Nifuna kuziba chamene chachitika. Ine napangisa uchi pano kangati, sinaonepo papaya. Kapena pali wamene ananama, kapena pali wamene saziba nchito."

Anawerama pa mtsikanayo. "Luyando. Unaikapo vinthu mu mutu?"

Mwambo umene unatigwetsa uja tsopano unamutchinga. Maso pansi, pakamwa potseka, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma m'galasi ndinaona maso ake akukwera pang'ono mpaka anapeza anga. Ba Anti anatembenukira kwa ine. Ndinali ndi chiganizo chimodzi chokha pa lilime, chachifupi, choona, ndipo chikanatha nkhani yonse pamodzi ndi ukwati womwe.

Ba Madamu anandipambana liwiro.

"Ni aba ba mudala! Basakaniza mankhwala monga penti ya motoka. Nalema na imwe! Tengani vanu, yendani!"

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati eya, nayi njira, tonse tapulumuka. Ndipo ndinasewera kuposa masiku onse. Ndinavula epuloni. Ndinagwada pa matailosi, ine wa imvi, pamaso pa ba Anti, n'kuomba m'manja. "Munikhululukile, mayo, menso yakalamba." Iwo sanandipepesere monga ankachitira ena. Anandiuza kuti nkhalamba yosaphunzira malo ake ndi kumunda, kuti ndikanawononga dzina la banja lawo pamaso pa Lusaka yense, kuti mwina ndinatumidwa. Ndinavomera zonse. Ndinatuluka ndikukoka mwendo, ulendo wa ku zitumbuwa.

Galimoto itachoka ndinapukuta milomo n'kubwerera. Ndinapeza ba Madamu ataima pakhomo, atanyamula chikwama changa, jekete ili pamwamba.

"Lelo ni vazoona, ba mudala."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Bakamba kuti bazaleta laini yonse ya bopelekeza mkwatibwi pa ukwati, na bazimai ba ku chechi bazapitiliza kubwela. Koma bakakuonani pano futi, ninshi basamuka bonse."

"Madamu, muziba kuti sindine."

"Niziba."

"Ndimwe munakamba kuti yambani chabe."

"Niziba, nakamba. Manje nichite bwanji? Imwe ndimwe munthu umozi. Beve ni mitu ya chechi yonse."

Anandipatsa chikwama. Atsikana anali otanganidwa kwambiri mwadzidzidzi, aliyense maso pa mutu wa kasitomala wake. Mpando wanga wa pa windo unali utakhalidwa kale.

Kunyumba amake ana anamvetsera nkhani yonse osandidula. Pomaliza anati, "Ndiye mwagwadira mkazi wa eni chifukwa cha imvi za mkazi wa eni. Ife pano tidya ulemu?" M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Kabulonga mtima ukuwira, ndikuti ndikawapeze ba Anti pa geti ndiwauze chimene chili pansi pa khofi uja. Ndinazungulira misewu. Mipanda yonse yofanana, waya wamagetsi pamwamba, agalu mkati. Mlonda wina anandiuza kuti maphwando otere sachitikira kunyumba, amachita lendi holo, ndipo holo yake sankaidziwa. Ndinabwerera wapansi. Choncho musanditenge ngati woyera mtima. Mtsikana uja anapulumutsidwa ndi mipanda ya ku Kabulonga. Ndikanawapeza ba Anti, kaya ndikananena kaya ayi, mpaka lero sindidziwa.

Zimene zinatsatira ndi zimene zinandipweteka koposa. Masaluni amalankhulana kuposa mawailesi. Kulikonse kumene ndinapita, ku Woodlands, ku Kabulonga, m'tauni, nkhani inali itafika kale. "Oho, ndimwe ba mudala ba papaya?" Wina anandiuza kuti malo alipo, a matawulo. Mutu wa khofi uja anthu anauyamikira pa phwando, zithunzi zake zinayenda m'mafoni, ndipo dzina limene linatchulidwa ndi la ba Madamu, amene anakonza zimene nkhalamba inawononga. Mvula yonse ya chaka chimenecho ndinaithera pa makwerero, kulemba mitengo ya nkhuku pa makoma, mawondo akulira.

Luyando ndinakumana naye kamodzi, pa mashopu a ku Woodlands, ali ndi pakati. Mutu ukadali wa khofi, mizu yosamalidwa bwino, dzanja la ba Madamu ndithu. Ndinasangalala ngati chitsiru. Ndinavula kapu.

"Muli bwanji, mayi?"

Anandiyang'ana, anandidziwa, anayang'ana uku ndi uku.

"Nilibe chenji, ba mudala."

N'kulowa m'galimoto.

Sindimuda kwenikweni. Ine ndine munthu amene ndikudziwa, ndipo munthu wodziwa sasangalatsa kukumana naye pa mashopu. Koma moni yekha sakanamuchotsera ukwati.

Lero ndili ndi kampando kanga pa msika wa Kabwata, m'kashopu kamene timagawana ndi wometa amuna. Sinki ndi beseni lokhala ndi kampopi ka pa chigubu. Mitu ya olenji imabwera yambiri, ina yochokera m'masaluni a magalasi akuluakulu, ndipo ndimaizimitsa. Kugwada ndinasiya. Mlandu umene si wanga sindiuvomeranso, ngakhale mwamasewera, chifukwa amene amakuuza kuti ndi masewera ndi yemweyo amasankha tsiku limene masewera atha. Ndipo sindiyamba mutu umene wabwera ndi wouyankhira. Kaya ndi apongozi, kaya ndi anti, kaya ndi abusa, amadikira panja.

Posachedwapa kunabwera bambo wa suti ndi mkazi wake, foni kumanja, chithunzi cha uchi. Ndinafunsa mayiyo funso langa. Anayankha ndi bamboyo.

"Sanaikepo kalikonse. Nimuziba mkazi wanga."

"Bwana, mutu ni wanu?"

"Nine nilipila."

"Ndiye kalipileni zitumbuwa apo pa kona. Nizakuitanani."

Anandiyang'ana ngati andimeze, koma anatuluka. Ndinamugoneka mayiyo pa beseni, ndinatsegula kampopi kuti madzi azilira.

"Manje kambani, mayi. Ni ya blaki ya mu maketi, kapena ni hena?"

Anayang'ana kukhomo kaye.

"Vonse viwili."

Ndinabweza bulichi pa shelefu.